Finye ndi Mbalame ya Mfumukazi Mvuu

Padangokhala. Amene muli pano vomerani kuti tili tonse, ochedwa atipeza m'njira.

Padali Mvuu, mfumukazi ya thamanda lina lalikulu. Mafumu ena amakonda milandu, ena amakonda mowa wa masika, koma Mvuu ankakonda kuyang'ana mbalame. M'mawa uliwonse ankamiza thupi lonse n'kusiya maso ndi makutu okha pamwamba pa madzi, ndipo ankakhala choncho mpaka dzuwa lifike paliwombo. Mbalame ikatera ankafunsa dzina lake monong'ona, kunong'ona kwa mvuu kumene kumamveka mpaka kutsidya.

Woyankha adali Ng'azi, nduna yake, amene udindo wake udali woloza mbalame ndi kuzitchula maina. Ng'azi ankazidziwadi mbalame. Chimene Mvuu sankadziwa n'chakuti ndunayo idaziphunzira poyambira kumazira, moti inkatha kusiyanitsa tsekwe ndi chipiyo itatsinzina, pongolawa.

Chaka china mvula ikutha, madzi atayamba kuphwa ndipo mbalame zapaulendo zikusonkhana kuti zizibwerera kwawo, Namzeze adafika ndi uthenga. Udachokera kwa aNangondo, mlamu wake wa Mvuu, mvuu inzake imene inkakhala kunyanja. Nawonso adali oyang'ana mbalame, ndipo awiriwa akakumana ankasekererana ndi mano okhaokha.

"Akuti ndikuuzeni kuti chaka chino aona avuwo makumi atatu," adatero Namzeze, "ndi mbalame ina yofiirira, ya miyendo ngati mapesi, imene imadya mutu uli chozondoka. Akuti posachedwa abwera kudzacheza, adzaoneko zakuno."

"Ananenanso china?" adafunsa Mvuu.

"Anafunsa ngati akakowa aja mukadali nawo."

Tsiku limenelo Mvuu adangodya dimba limodzi lokha chifukwa cha kuwawidwa mtima. Kenaka adaitana Ng'azi.

"Nduna, ndikufuna mbalame imene mlamu wanga sanaionepo."

"Mbalame imatera pamene pali chakudya, Amayi," adayankha Ng'azi. "Lamulani achule onse kuti m'mawa uliwonse azikhala poyera, pamasamba a kakombo, osabisala. Mbiri ikamveka zidzabwera ndi za kumaiko akutali zomwe."

Polankhula choncho mate adali atadzaza m'kamwa, poganizira zisa zimene zidzamangidwe m'mabango.

Lamulo lidaperekedwa, ndipo achule adandanda pamasamba. Mbalame zakutali sizidabwere. Adabwera ndi Kakowa, mkazi wake, azilamu ake, apongozi ake ndi ena ongodziwana nawo pamaliro. Ankayenda pang'onopang'ono pakati pa masambawo ngati osankha mbatata pamsika. Patangotha masiku anayi Kakowa adanenepa mpaka khosi lidayamba kuvuta kupinda.

Masana a tsiku lachinayi achule adasonkhana m'mabango, aliyense akulira wake. Pakati pawo padali Finye. Finye ndi mbale wa achule, koma ndi wozungulira ngati dzungu laling'ono, miyendo yaifupi, nkhope yokhala ngati wangomva kumene uthenga woipa. Sadziwa kudumpha, sadziwa kusambira. Kakowa ankati akafika patsamba lake n'kumuyang'ana uku ndi uku, kenaka n'kutola wina wapambali pake, amvekere, "Iwe ndidzakudya tsiku la njala."

"Tsiku la njala likuyandikira," adatero Finye pamsonkhanopo, "chifukwa okongola mukutha. Ndipita kwa mfumukazi."

"Iweyo?" adafunsa chule wina wamkulu. "Ukanena chiyani ndi nkhope imeneyo?"

"Akulu adati ukaipa dziwa nyimbo. Inu zikonzani kukhosi, ndikabwera tiphunzire."

Adanyamuka masana omwewo nakafika mawa lake m'mawa, ngakhale padali poti chule wabwinobwino akadangodumpha kasanu.

"Zikomo, Amayi," adatero Finye akuomba m'manja, manjawo osakumana bwino chifukwa cha mimba.

Mvuu adayang'ana kumwamba. "Akulankhula ndani? Ndi mbalame?"

"Ndi Finye, Amayi," adatero Ng'azi. "Ali pansi apa."

"Ndiye asunthe, akunditchinga."

"Ndisuntha, Amayi," adatero Finye. "Ndimangofuna kufunsa ngati Nachibisale uja anatera pamkuyu dzulo munamuona bwino, poti ine ndinangomuona chakumbuyo."

Makutu a Mvuu adaima. "Nachiyani?"

"Nachibisale. Amadutsa kamodzi pa zaka zisanu ndi ziwiri, nyengo ngati inoyi. Koma ndikuphunzitsa yani, a Nduna ali pompano."

Mvuu adatembenukira kwa Ng'azi. Ng'azi adali asanalimvepo dzinalo chibadwire, koma nduna yoloza mbalame siingati sindikudziwa pamaso pa chule.

"Ndimamudziwa," adatero. "Mazira ake ndi okoma kwambiri."

"Okoma?"

"Kuwaona, Amayi. Okoma kuwaona."

"Mlamu wanga anamuonapo?"

"Kunyanja safikako, amaopa mafunde," adayankha Finye. "Ndi mbalame yamanyazi. Imabwera ikamva achule akuimba, koma ikangoona choyera imabwerera. Choyera chimaithobwa m'maso."

Tsiku lomwelo Kakowa ndi mtundu wake wonse adauzidwa kuti asamukire kutsidya.

M'mawa mwake Finye adaikidwa patsamba la pafupi ndi khutu la mfumukazi, ndipo adayambitsa nyimbo. Idali nyimbo yoitana mlendo wamanyazi. Finye ankatsogolera ndi timawu take tokhala ngati mluzu, kumuuza mlendoyo kuti atere asaope, kuno kulibe womuseka. Achule onse ankavomera ndi liwu limodzi lochokera pansi pa mimba, katatu, kenaka n'kukhala chete ngati akumvetsera mapiko. Ena ankaimba misozi ili m'maso, poti udali m'mawa woyamba kuti nyimbo ithe oimba ali okwana monga momwe adaiyambira.

Mvuu adatong'ola maso kuyang'ana mkuyu. Dzuwa lidakwera. Ntchentche idatera pachikope chake, iye n'kuphethira.

"Uyo wapita," adatero Finye. "Mwamuona, Amayi? Anali panthambi yachiwiri."

"Ndinaphethira."

"Pepani, ndi momwe amachitira. Koma a Nduna ndiye amuona, amayang'ana komweko."

Ng'azi adayang'ananso panthambipo. "Mchira wokha," adatero. "Wautali ndithu."

Mvuu adausa moyo mpaka masamba adagwedezeka.

Koma Ng'azi zimenezi sizidamukomere. Achule akapanda kudyedwa mbalame sizichuluka, ndipo mbalame zikapanda kuchuluka mazira sapezeka. Madzulo adaolokera kutsidya nakapeza akakowa ataima ndi mwendo umodzi, m'mimba mukulira.

"Lamulo likuletsa choyera," adawauza. "Matope sanaletsedwe."

Kutacha akakowa adabwerera ali bii, atagubuduka m'matope kuyambira kumlomo mpaka kumchira. "Ife si oyera," adatero Kakowa, n'kuyamba kusankha.

"Amayi," adatero Finye msangamsanga, "dzulo ndinaiwala china. Nachibisale ali ndi miyendo yaifupi ngati yangayi, ndipo amachita nayo manyazi. Akaona wa miyendo yaitali ataimirira amayesa kuti akumutonza."

"Aliyense wa miyendo yaitali akhale pansi," adalamula Mvuu.

"Amayi, ife sitikhala pansi," adadandaula Kakowa. "Ngakhale agogo athu…"

"Agogo ako sanamuonepo Nachibisale. Khala pansi."

Akakowa adapinda miyendo n'kukhala m'matope ngati nkhuku zofungatira. Wokhala pansi sasaka. Achule ena ankadutsa dala patali pang'ono ndi milomo yawo, n'kumawapatsa moni waulemu.

Nyimbo idayambikanso. Ulendo uno Finye adaonjeza ndime yoyamikira miyendo yaifupi, yonena kuti mwendo waufupi sulowa mphepo, suthyoka, ndipo mwini wake akagwa sagwa kuchokera kutali. Achule adavomera katatu n'kukhala chete. Mvuu adaona kuti mawu akuchepa, choncho adalamula akakowa kuti azivomera nawo. Adavomera.

Tsiku limenelo Mvuu adabwera ndi nzeru yake: ankaphethira diso limodzi, linzake lili chiyang'anire. Koma Finye adaitalikitsa nyimboyo, kuibwereza ndi kuibwerezanso, dzuwa likutentha pamsana. Mapeto ake Mvuu adayasamula. Ndipo mvuu ikayasamula, mlomo wam'mwamba umatseka dziko lonse.

"Uyo wapita," adatero Finye. "Lero ndiye anakhalitsa, mpaka anadzikanda."

Pofika madzulo thamanda lonse lidali litamuona Nachibisale. Tsekwe adati ali ndi nthenga za mitundu yonse. Fulu adati adamumva akutsokomola m'mabango. Kakowa, posafuna kutsalira, adati adamudutsa pamutu mpaka kumupepesa. Ng'azi, poona kuti anthu wamba akumuposa pa ntchito yake, adalengeza kuti iye akudziwa ndi pamene amagona pomwe. Amene adali asanamuone adali Mvuu yekha.

Nthawi yomweyo Namzeze adatera n'kunena kuti aNangondo ali m'njira, afika mawa m'mawa.

Mvuu adaitana Finye ndi Ng'azi. Sadanong'one.

"Thamanda lonse lamuona, mwini thamanda ayi. Mawa mlamu wanga akufika. Nachibisale akapanda kukhala panthambi ija mpaka ine ndi mlamu wanga timuone n'kukhuta, iwe Finye ndidzakupereka kwa Kakowa ine ndemwe."

Finye adafufuma ndi mantha mpaka miyendo idaleka kufika pansi. Adadikira kuti mpweya utsikeko, kenaka adati, "Ndamva, Amayi. Mwayi wake a Nduna anena kuti akudziwa pamene amagona."

"Zoonadi, Nduna, unatero," adatero Mvuu. "Ndiye mlanduwu ndi wa nonse awiri. Akapanda kuoneka, iwe ndidzakukhalira."

Atachoka pamaso pa mfumukazi, Ng'azi adamukankhira Finye kuseri kwa chulu.

"Iwe, tandiuza zoona. Mbalame imeneyi iliko?"

"Mukundifunsa ine, a Nduna? Inu munaona mchira, mukudziwa pogona pake, mazira munawaona kukoma. Ine ndinangoiona chakumbuyo."

"Ndikumeza pompano."

"Mezani. Mawa mukafotokoze nokha."

Ng'azi adatulutsa lilime n'kulibweza, kulitulutsanso n'kulibwezanso. "Ndiye titani?"

"Tiyeni tione zimene zanenedwa kale," adatero Finye. "Mchira wautali. Miyendo yaifupi. Yodziwa kukwera mkuyu. Pathamanda lino ndikudziwapo mmodzi yekha wotero."

Ng'azi adacheuka, nayang'ana mchira wake, nayang'ananso miyendo yake.

"Ayi," adatero.

"Mfumukazi ndi yolemera, a Nduna."

Mapeto ake Ng'azi adafunsa, "Nthenga tizipeza kuti?"

"Ndimayesa kuuna kwanu sizingasowe."

Ng'azi sadafunse kuti Finye wadziwa bwanji. Adamubereka pamsana n'kupita naye kuunako, ndipo nthenga zidalikodi zambiri, zija mbalame zimayala m'zisa, zimene zinkabwera pamodzi ndi mazira.

"Nanga ulimbo?" adafunsa Ng'azi.

"Ulimbo ndine. Ndiopsezeni."

Paja finye akachita mantha thupi lake limatuluka utomoni woyera womata. Ng'azi adayasama pamwamba pake, utomoni n'kutuluka, Finye n'kumapaka ndi kumata nthenga. Adamata msana, adamata khosi. Pofika kumchira Finye adali atazolowera kukamwa kwa Ng'azi, ndipo utomoni udaleka.

"Yasamani kwambiri."

"Nsagwada zatopa."

"Ndiye ganizirani china choopsa."

Ng'azi adaganiza. "Kakowa," adatero chapansipansi. Utomoni udatuluka wokwanira mchira wonse mpaka kutsalako.

Kutacha aNangondo adafika, madzi akugawikana patsogolo pawo.

"Mwayenda bwanji, alamu?" adatero Mvuu.

"Tayenda bwino, kaya inu takupezani. Madzi achepa chaka chino kuno eti? Kapena ndi momwe amakhalira?"

"Ndi momwe timawakondera."

"Nanga akakowa anuwa bwanji ada chonchi, n'kukhalanso pansi? Kwagwa matenda?"

"Akudikira mlendo. Khalani apa, alamu, muyang'ane nthambi yachiwiri ya mkuyu uwo."

Finye adayambitsa nyimbo kachitatu. Ulendo uno kupempha kwake kudali kochokera mumtima. Adamupempha mlendoyo kuti atuluke pang'onopang'ono, agwiritsitse nthambi, ndipo chilichonse chimene chichitike asatsegule pakamwa. Achule adavomera katatu n'kukhala chete. Masamba a mkuyu adagwedezeka, ndipo panthambi yachiwiri padatulukira chinthu cha nthenga zoyera, zakuda, zamawangamawanga, zina zoloza kutsogolo zina kumbuyo, mchira uli lendee.

Mvuu sadaphethire, sadayasamule. Misozi idatsika n'kulowa m'thamanda.

"Ndikumuona," adanong'ona. Patapita kanthawi adati, "Finye, ali ndi miyendo inayi."

"Amachokera kutali, Amayi. Iwiri ikatopa amayendera inayo."

"Lilime lake ndi lamphanda."

"Amalankhula zinenero ziwiri, chakwawo ndi cha m'njira."

"Nduna ili kuti, idzaone kutsogolo kwake? Paja inangoona mchira."

"M'mimba mwawavuta, Amayi. Apita kuseri."

Mvuu adatembenukira kwa mlamu wake. "Alamu, mwamuona Nachibisale?"

ANangondo adayang'ana nthawi yaitali. Chinthu chotere adali asanachionepo, ndipo mtima udawawa ngati wathiridwa tsabola.

"Oo, ameneyu," adatero. "Kwathu aliko awiri, wamwamuna ndi wamkazi. Chaka chatha anaswa ana. Wanuyu ndi wowonda."

"Ndinamva kuti kunyanja safikako."

"Amafika, mpaka amatera pamsana panga. Ndipo athu amauluka. Uyu wangokhala ngati wamangiriridwa."

Mphuno za Mvuu zidatukumuka. "Finye, muuze auluke. Adzatere pamsana panga."

Zimenezi Finye sadazikonzekere. Adayang'ana m'mwamba, ndipo mbalame ija idapukusa mutu mwamphamvu.

"Akukana?" adafunsa Mvuu.

"Akuvomera, Amayi. Kwawo amavomera choncho."

Finye adaimba mzere umodzi wokha, popanda ovomera, wokumbutsa mlendoyo kuti kuli bwino iwe ugwere mfumukazi kusiyana n'kuti mfumukazi ikugwere. Mbalame ija idamva. Idatsinzina, idatambasula miyendo yonse inayi, n'kudziponya. Mpweya sudaigwire ngakhale pang'ono. Idangoti phwa pamsana pa Mvuu, ndipo poti dzuwa lidali litafewetsa utomoni, idamatirira pomwepo.

"Watera," adatero Mvuu mwachimwemwe. "Alamu, watera. Wina asagwedezeke."

Mvuu sangathe kuona pamsana pake, khosi silimulola. Koma mbalame zina zidayandikira kuti zimuone bwino mlendo amene zonse zidati zidamuona kale. Mkazi wa Tsekwe adafika pafupi kwambiri, napendeketsa mutu, nayang'anitsitsa nthenga ina ya pakhosi.

"Nthenga iyi ndi yanga," adatero. "Ndinaizula pachifuwa panga ndekha, ndinayalira mazira asanu ndi atatu. Ndinangochoka kukamwa madzi, pobwera mazira palibe, nthenga palibe."

"Iyi ndi yanga," adatero Chipiyo.

"Izi zitatu n'za mkazi wanga," adatero Kakowa, akukwawa ndi mimba poopa kuimirira.

Aliyense adatenga yake, ndipo sankatenga mwaulemu.

"Kukuchitika chiyani kumbuyoko?" adafunsa Mvuu. "Ndikumva mawu. Akuimba?"

"Ndine, Amayi," adatero Ng'azi.

Mvuu adamira pang'onopang'ono, nakhala pansi pa madzi nthawi yaitali. Atavuuka, Ng'azi adali akuyandama payekha, nthenga imodzi itatsalira pamphuno. Sadadikire mlandu, adalowa m'mabango atsekwe ali pambuyo.

Kakowa adaimirira, naongola mwendo uwu ndi uwo, n'kuyamba kuyenda kulunjika patsamba la Finye. Finye adafufuma, natsinzina. Maso a Mvuu adali psuu. Adatsegula pakamwa kuti alankhule, koma adaima ngati wakumbukira kanthu, ndipo adatembenukira kwa mlamu wake.

"Alamu, paja munati kwanu aliko angati?"

ANangondo adayang'ana kumbali.

"Awiri eti? Wamwamuna ndi wamkazi. Ndi ana omwe."

"Mwina dzuwa linandithobwa," adatero aNangondo. "Amafananako pang'ono ndi…"

"Ndipo amatera pamsana panu. Anu ndi onenepa."

Mvuu adayamba kuseka. Kudayambira pansi pa mimba, kudakwera, kudatulukira m'mphuno. Mafunde adagwedeza masamba pamodzi ndi achule ake, ndipo Kakowa adagwa chagada. ANangondo adati akumbukira kuti asiya ana okha kunyumba, ngakhale mwana wawo womaliza adali ndi zidzukulu. Adanyamuka osalawa ngakhale udzu umodzi, kuseka kukuwaperekeza mpaka pokhota.

Kakowa atadzuka adati, "Amayi, munalonjeza."

"Ndinati akapanda kuoneka," adayankha Mvuu akupukuta misozi. "Waoneka. Tamuona tonse, ndipo mlamu wanga wachitira umboni kuti mbalameyi iliko. Bwerera uko."

Kenaka adatsitsa mutu mpaka diso lake lidayang'anizana ndi Finye.

"Wandinamiza masiku atatu pamaso pa anthu anga."

"Inde, Amayi."

"Chifukwa chiyani?"

"Patsamba limene ndinaikidwa poyamba tinalipo asanu ndi awiri. Ndatsala ndekha."

Mvuu adayang'ana masamba a kakombo limodzi limodzi, ndipo adaona kuti ambiri adali opanda wokhalapo.

"Palibe anandiuza," adatero.

"Mumayang'ana kumwamba, Amayi."

Pomwepo Mvuu adathetsa lamulo lija. Adati chule aliyense abisale pamene akufuna, ndipo wofuna kudya chule ayambe wamupeza. Mawu asanathe, pamasamba padamveka chubwi, chubwi, chubwi, n'kutsala Finye yekha amene sakadatha kudumpha. Mvuu adakankha tsamba lake ndi mphuno mpaka kumtunda.

"Udindo woloza mbalame ulibe mwini tsopano," adatero. "Uutenge iwe."

"Zikomo, Amayi, koma ine mbalame ndimazidziwa kumapazi kokha. Mupatseni mkazi wa Tsekwe, maso ake mwawaona."

Polankhula choncho Finye adali akuona zinthu ziwiri: mutu wa Ng'azi utasuzumira m'mabango, ndi Kakowa akunola mlomo pamwala.

"Ndiye ndikupatse chiyani?" adafunsa Mvuu.

"Mundilole ndikapume mpaka mvula ya chaka chamawa."

"Ukapumira kuti?"

"Pompano, Amayi."

Adayamba kukumba ndi miyendo yakumbuyo, akuthokozabe mfumukazi, akuifunira moyo wautali ndi mbalame zambiri. Adalowa chambuyo, mimba idalowa, pakamwa padalowa, maso adatsalira pang'ono kenaka nawonso adalowa.

Mvuu atangotembenuka, Kakowa adathamangira pamalopo napeza dothi lokhalokha. Adajompha kamodzi, adajompha kawiri.

"Wachoka," lidatero dothi.

"Walowera kuti?" adafunsa Kakowa.

"Kunyanja."

Kakowa adathokoza, natambasula mapiko, n'kuuluka kulowera kunyanja.

Nthano yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule yekha, yanga ndadya ndili m'njira.